Kuthamanga pakati pa damu ndi tsinde la phiri: kodi njira ndiziikonza bwanji?

Wozolowera Phula analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse okonda masewera othamanga. Ndakhala ndikuthamanga pa msewu wa phula, pamalo athyathyathya, kwa zaka zitatu, ndipo makilomita 10 ndimawamaliza m'mphindi pafupifupi 55 popanda vuto. Mwezi wathawu ndinasamukira kudera kumene kuli damu lalikulu losungiramo madzi, ndipo kuseri kwa damulo kuli zitunda zomwe zimanka zikwera mpaka kukalumikizana ndi phiri lenileni. Njira zoti munthu n'kuthamangamo zilipo ziwiri: ina imatsata m'mphepete mwa madzi, pomwe ina imachoka padamupo n'kulowa m'nkhalango ya m'tsinde mwa phiri.

Loweruka lapitali ndinayesa yachiwiriyo. Wotchi yanga inasonyeza kuti ndinayenda makilomita 9 ndi kukwera mamita 350, koma ndinatha ola limodzi ndi mphindi 20, ndipo theka la chikwezacho ndinachita kuyenda, manja ali m'chiuno, ndili wefuwefu. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti tsiku limenelo ndinali bwinobwino, koma pofika Lolemba ntchafu zinali kuwawa kwambiri moti potsika masitepe ndinkachita kugwirira khoma. Kodi akuluakulu, mphamvu zanga zachepa, kapena pali chimene sindikuchidziwa pa njira zoterezi? Nanga kodi n'kwanzeru kuti ndizingozungulira damu mpaka thupi litazolowera?

Mkulu wa m'Zitunda anayankha kuti:

Mnzathu, mphamvu zanu sizinachepe ayi, koma muyeso umene mukugwiritsa ntchito ndi wa pa phula, ndipo m'zitunda sugwira. Anthu okwera mapiri ali ndi lamulo lakale lomwe William Naismith wa ku Scotland analemba m'chaka cha 1892, lakuti munthu woyenda pansi awerengere ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako aonjezere ola lina pa mamita 600 aliwonse amene akukwera. Mukaliunika bwino lamuloli, muona kuti kukwera mita imodzi kukufanana ndi kuyenda mamita pafupifupi 8 pamalo athyathyathya, ndipo othamanga m'mapiri ambiri amawerengera motero. Tsono mamita 350 anu aja akufanana ndi makilomita ena pafupifupi atatu, kutanthauza kuti thupi lanu linagwira ntchito ya makilomita 12, osati 9. Mukaonjezerapo miyala, mizu ya mitengo ndi makhwawa omwe amachititsa munthu kufupikitsa phazi, ola limodzi ndi mphindi 20 ija si nthawi yochititsa manyazi ngakhale pang'ono.

Za kuyenda pachikweza musadandaule nazo. Pamene njira yaimirira kwambiri, kuyenda mwamphamvu manja ali pa ntchafu kumadya mphamvu zochepa kusiyana ndi kuumirira kuthamanga, ndipo ngakhale akatswiri a mipikisano ya m'mapiri amachita zomwezo anthu akuona.

Ntchafu zanuzo sizinapwetekedwe ndi chikweza, koma ndi matsitso. Munthu akamatsetsereka, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki: imalimba uku ikukokedwa kutalika, ndipo ntchito ya mtundu umenewu imasiya timabala ting'onoting'ono mkati mwa mnofu. Ululu wake subwera nthawi yomweyo, umafika pachimake pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, n'chifukwa chake Loweruka munali osangalala, Lolemba n'kumagwira khoma. Chosangalatsa n'chakuti mnofu umaphunzira msanga, moti mukadzabwereza njira yomweyo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ululu wake udzakhala wocheperapo kwambiri. Potsika muziponda pafupipafupi, phazi lizitera pansi pa thupi osati kutsogolo kwambiri, musamabwezere msana kumbuyo ngati mukukana kutsika, ndipo maso aziona masitepe atatu kapena anayi patsogolo m'malo moyang'ana zala za kumapazi.

Ine ndikanakhala inu, ndikanasiya kaye kuwerenga makilomita, n'kumawerenga nthawi. Ndikananyamuka padamu, n'kukwera kwa mphindi 20, kenako n'kubwerera njira yomweyo, ndipo sabata iliyonse ndikanaonjezerako mphindi zisanu. Kubwerera njira imene mwapitira kumathandizanso kuti musasochere, chifukwa m'tsinde mwa mapiri tinjira timagawanika paliponse, ndipo pansi pa mitengo yowirira kapena m'makhwawa akuya wotchi ya GPS imanama, makamaka pa nambala ya mamita amene mwakwera.

Wozungulira Damu anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi akuluwa pa zonse za zitunda, koma ndikufuna kuchenjeza pa ganizo lakuti njira ya m'mphepete mwa madzi ndi yopumirapo chabe. N'zoona kuti siikwera kwambiri, popeza madzi a damu amakhala pa mulingo umodzi ndipo njira imangotsata mulingo womwewo. Koma damu limapangidwa potseka chigwa, ndiye madzi amalowerera m'khwawa lililonse limene linkathira mumtsinjewo, ndipo njira nayo imalowa ndi kutuluka m'makhwawa onsewo. Malo amene mukuwaona tsidya lina ngati ali pafupi akhoza kukutengerani theka la ola. Ine ulendo wanga woyamba ndinanyamuka dzuwa litapendeka poganiza kuti ndizungulira mu ola limodzi, koma mdima unandipeza ndisanafike n'komwe kumene mtsinje umalowera m'damu, ndipo ndinabwerera ndikupapasa njira ndi kuwala kwa foni.

Chachiwiri n'chakuti njira zambiri zotere zimapendekera kumadzi. Mukamazungulira mbali imodzi tsiku lililonse, mwendo umodzi ndiwo umaponda m'munsi nthawi zonse, ndipo pakapita masabata mumayamba kumva kuwawa kunja kwa bondo kapena m'chiuno osadziwa kumene kwachokera. Mankhwala ake ndi osavuta: lero madzi akhale kudzanja lamanja, ulendo wotsatira akhale kumanzere.

Kumbukiraninso kuti madzi a damu amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo komanso mmene akugwiritsidwira ntchito. Akaphwera amasiya gombe lotakasuka looneka louma ndi long'aluka pamwamba, lokopa kwambiri kwa munthu wofuna kudula njira, koma pansi pake pamakhala matope ofewa oti mwendo umamira mpaka m'bondo. Ndinaonapo nsapato ikutsalira momwemo, mwini wake n'kutuluka ndi sokosi yokha. Madziwo akadzaza, mbali zina za njira zimamira, choncho njira imene mwaidziwa m'chilimwe mudzafunika kuiphunziranso mvula ikagwa.

Pamwamba pa khoma la damu m'posalala, ndipo pamayenera bwino masewera othamanga mwaliwiro mobwerezabwereza, koma madamu ambiri, makamaka a madzi akumwa ndi opangira magetsi, salola anthu kufikapo kapena amaika maola ake. Werengani zikwangwani ndipo funsani oyang'anira malowo, komanso musayandikire potayira madzi osefukira. Madzi a m'damumo musamwe ngakhale ludzu litakula chotani. Nyengo yotentha mumamera ndere zobiriwira zomwe zina zimatulutsa poizoni, ndipo m'madera otentha madzi odikha amathanso kukhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Nyamulani madzi anu.

Wodzuka Mbandakucha anayankha kuti:

Ine ndingoonjezerapo za nyengo, chifukwa pamalo pamene madzi akumana ndi phiri nyengo imasintha mofulumira. Usiku mpweya wozizira umatsetsereka kuchoka m'phiri n'kukaunjikana m'chigwa, moti m'mawa kudamu kumatha kukhala kozizira ndi kwa chifunga kuposa pamwamba pa chitunda. Masana zimatembenuka: kutentha kumachepa ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, ndiye pa mamita 350 anu kusiyana kwake n'kwa madigiri awiri okha, koma mphepo ya pamwamba ikawomba malaya onyowa ndi thukuta, munthu amayamba kunjenjemera m'mphindi zochepa. Kajekete kopepuka komanga m'chiuno sikalemera.

Pa mfundo ya akulu aja yakuti muzikwera n'kubwerera njira yomweyo, ndikuvomereza, koma ndikanakonda mutamayamba ndi mphindi 10 kapena 15 za m'mphepete mwa damu musanakwere, kuti akakolo ndi minofu ya kumbuyo kwa miyendo zitenthe. Kulunjika pachikweza thupi lili lozizira kumatha kubweretsa ululu wa mtsempha wa pachidendene.

Nyengo ya mvula, mitambo ya mabingu imakonda kuundana pamapiri masana, choncho zitunda muzipitako m'mawa. Mukaona mphezi, werengani masekondi mpaka mutamva bingu: masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akakhala 30 kapena ocheperapo, chokani pamsonga pa chitunda, pakhoma la damu, pagombe ndi pansi pa mtengo woima wokha, ndipo mudikire mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza musanabwerere. Pomaliza, uzani munthu wina njira imene mwalowera ndi nthawi imene mukuyembekezeka kubwera, chifukwa kubinya mwendo m'khwawa momwe foni siigwira n'kosiyana kwambiri ndi kubinya pamsewu wodutsa anthu.

Wozolowera Phula anayankha kuti:

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse. Ntchafu zatsitsimuka tsopano, ndipo ndamvetsa kuti matsitso aja ndinawathamanga ngati ndili pa phula, ndikuponda ndi chidendene kutsogolo kwambiri. Ndakonza zoti pakati pa sabata ndizizungulira damu kawiri, ulendo uliwonse mbali yosiyana, ndipo Loweruka m'mawa ndiziyamba ndi mphindi 15 m'mphepete mwa madzi, kenako mphindi 20 za chikweza n'kubwerera. Dzulo ndinakawerenga chikwangwani cha pakhoma la damu, ndipo ndinapeza kuti oyenda pansi amaloledwa masana okha. Funso limene landitsalira ndi la nsapato: zanga ndi za pa phula, zosalala kunsi, ndipo pamiyala yonyowa ndi mame zinaterera kawiri. Kodi ndigule za mano akuya kunsi panopa, kapena ndidikire mpaka nditayamba kukwera pamwamba kuposa pamenepa?