Kodi chilala chingasinthe bwanji mlomo wa mbalame?

Wofunsa: Ndikuwerenga za natural selection (mmene chilengedwe chimasankhira zamoyo zimene zipulumuke n'kuswana) pokonzekera mayeso, ndipo pali mfundo imene ikundisokoneza. Akuti timbalame totchedwa finch ta ku zilumba za Galapagos m'nyanja ya Pacific tinakula milomo chifukwa cha chilala. Kodi mbalame ikamavutika kuswa njere zolimba, mlomo wake umanka nukula monga mmene chikhatho cha mlimi chimakhuthalira ndi khasu? Ngati si choncho, chimene chimasintha n'chiyani?

Yankho loyamba: Ayi, palibe mbalame imene inakulitsa mlomo wake pougwiritsa ntchito. Asayansi Peter ndi Rosemary Grant anayamba kuyeza timbalameti pa kachilumba ka Daphne Major mu 1973, ndipo anapeza kuti ngakhale mumtundu umodzi wa Geospiza fortis milomo inali yosiyana kale, ina yaikulu, ina yaing'ono. Mu 1977 mvula itakana, njere zing'onozing'ono zofewa zinatha, n'kutsala zazikulu zolimba monga za chomera chaminga cha Tribulus. Mwa mbalame 10 zilizonse, zoposa 8 zinafa, ndipo zambiri mwa zopulumukazo zinali za milomo yamphamvu yotha kuswa njerezo. Popeza kukula kwa mlomo ndi chibadwa chotengera kwa makolo, anapiye a zopulumukazo anali ndi milomo yokulirapo ndi pafupifupi 4 peresenti poyerekeza ndi mbalame za chilala chisanafike. Chimene chinasintha ndi gulu lonse, kudzera mu imfa ndi kuswana.

Yankho lachiwiri: Ndikupempheni kuti musaganize kuti mlomo waukulu ndiwo wabwino nthawi zonse, pakuti apa m'pamene ambiri amaphonya. Mvula yambiri ya El Niño ya 1982 mpaka 1983 inachulukitsa zomera za njere zing'onozing'ono, ndipo m'zaka zotsatira mbalame za milomo yaing'ono ndizo zinachita bwino. Chodabwitsa kwambiri kwa ine ndi chilala cha 2003 ndi 2004. Panthawiyo pachilumbapo panali patakhazikika mtundu wina waukulu, Geospiza magnirostris, umene unkalanda njere zazikulu zija, kotero kuti fortis za milomo yaikulu, zimene zikanapulumuka mu 1977, ndizo zinafa kwambiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndiye kuti milomo yonse ikanakhala yofanana, chilala chikanangopha mbalame popanda kusintha kanthu?

Yankho loyamba: Mwamvetsa bwino, ndipo kusiyanako kumafunikanso kukhala kotengera kwa makolo. Mu 2016 asayansi anasonyeza kuti jini (kachinthu ka m'maselo konyamula chibadwa kuchokera kwa makolo) yotchedwa HMGA2 imakhudza kukula kwa mlomo, ndi kuti mtundu wa jiniyo umene umapereka mlomo waung'ono unapezeka kwambiri mwa fortis zimene zinapulumuka chilala cha 2003 ndi 2004 chija.