Damu lathu ladothi likutulutsa madzi amatope, tichite chiyani?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Kwathu kuno kufupi ndi Katete tili ndi damu lomangidwa ndi dothi, lomwe limatchinga madzi a mvula kuti asasefukire m'madimba ndi m'midzi ya kumunsi. Chaka chino kuseri kwa khoma kwayamba kutuluka madzi, osati oyera ayi, koma amatope ofiira. Ine ndikuopa kuti dothi likukokoloka mkati. Pamwamba pa khomalo chiswe chamanga chulu pafupi ndi mtengo wa mthethe, ndipo ngalande yotayira madzi yatsekeka ndi bango.

Kodi mtengowo tiudule, kapena mizu ikadzaola ndiye madzi apezeratu njira? Nanga tikanene kuti, ku WARMA (bungwe la boma la Zambia loyang'anira madzi) kapena ku DMMU (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi)? Amfumu aitanitsa msonkhano Loweruka, ndipo tikufuna tiyambe ntchito mvula yamphamvu ya Januwale isanafike.