Ndikufuna kuphunzira za paralegal, koma kakoleji aka ndikakhulupirire?

Membala wobisa dzina

Moni nonse muno, adimini chonde ndibiseni dzina poti abwana anga alimo mu gulu lino. Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Chiputula, mwana mmodzi. MSCE ndinalemba 2016, mapointi 26, kirediti ya Chingerezi ilipo, koma ku yunivesite sananditenge nde chiyambire ndimagwira mu shopu ya fotokope mtauni muno, kutayipa makalata ndi kupirinta basi.

Chinandiyambitsa maganizowa ndi mchimwene wanga wamng'ono. Mu 2022 anagula foni kwa munthu osadziwa kuti ndi yobedwa, anamugwira, wogulitsa uja osaonekanso, iye nkukhala pa rimandi miyezi inayi osapitanso ku khothi. Ife kunyumba palibe chomwe tinkadziwa, mayi ankangophika nsima kupititsa nkubwerako akulira, mpaka tinagulitsa mashini awo osokera kuti tipeze loya koma ndalama yake sinafike olo theka. Tsiku lina ku ndendeko kunabwera mayi wina wa paralegal, aja othandiza anthu pa za malamulo koma si maloya, anawakhazika pansi a pa rimandi nkumawafunsa mmodzimmodzi, unalowa liti, mlandu wanji, kwanu akudziwa kuti uli kuno? Mayi ameneyo ndi amene anandiimbira, nati pezani anthu awiri omuyimira abwere ndi ziphaso zawo, ndipo musapatse munthu ndalama chifukwa belo sagulitsa. Pasanathe sabata ziwiri majisitireti anakazengera milandu ku ndende komweko, mwana anatuluka. Mayi aja sanatifunse olo ya thiransipoti, ndipo mpaka lero ndikawakumbuka misozi imalengeza.

Ku shopu nako kumabwera anthu ondimvetsa chisoni, amayi amasiye otayipitsa kalata yopita kwa DC, alonda oti achotsedwa ntchito opanda kanthu, ine ndimangotayipa zomwe andiuza koma ndikuona ndithu kuti munthuyu sakudziwa kolowera.

Nde pali kakoleji kena kuno kakulengeza pa WhatsApp kosi ya paralegal, makalasi Loweruka ndi Lamulungu, chaka chimodzi, akuti ukamaliza amakupezera okha ntchito. Fizi yake ndi malipiro anga a miyezi isanu, ndiyenera kukongola ku banki m'khonde. Nditafunsa ngati ali ovomerezeka anangoti mapepala ali mkati, lipirani kaye theka pofika Lachisanu malo asanathe. Abale inu amene mukudziwa ndithandizeni, satifiketi yotereyi imagwira ntchito? Nanga paralegal angamuyankhulire munthu mu khothi? Ntchito zake zimapezeka kuno ku mpoto kapena nkungotaya ndalama? Musandinyoze chonde, mtima wanga uli pamenepa.

Paralegal wa ku Katoto

Achemwali musapereke kaye kalikonse. Ine ntchitoyi ndaigwira zaka zingapo nde ndikuuzani momwe zilili. Makoleji opereka dipuloma ndi digiri amayang'aniridwa ndi NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, ndipo pali zinthu ziwiri anthu amazisokoneza, kulembetsa koleji ndi kuvomereza kosi. Koleji itha kukhala yolembetsedwa koma kosi imene mukuifunayo isanavomerezedwe. NCHE imatulutsa mndandanda wake, usakeni pa intaneti muone ngati dzina la kolejiyo lilipo komanso kosi yakeyo pansi pake. Mawu oti mapepala ali mkati ndi oopsa, mwini mapepala amachita kuwapachika pa khoma. Malo omwe olemba ntchito sawakayikira ndi ngati ku Chanco ku Zomba komwe kuli dipuloma ya malamulo, ndi ku Mpemba ku Staff Development Institute, kuja kwaphunzira majisitireti ambiri a ma grade, aja oti si maloya. Ndi kutali inde, koma pepala lake silikuchititsani manyazi pa intaviyu.

Funso lachiwirilo yankho ndi ayi. Paralegal si loya, simungaimirire mu khothi nkumafunsa mboni m'malo mwa munthu, komanso simungatsegule kaofesi nkumalipiritsa anthu ngati loya, umenewo ndi mlandu. Cha mu 2021 a Legal Aid Bureau, bungwe lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, anapempha kuti lamulo lisinthe ma paralegal awo aziyimira anthu m'makhothi ang'onoang'ono poti maloya ndi ochepa, nkhani inafika ku komiti ya Nyumba ya Malamulo, a Malawi Law Society, bungwe la maloya, anakana kwambiri. Nde aliyense wokuuzani kuti chaka chimodzi muvala gawuni akukunamizani. Ntchito yathu ndi imene munaiona ija, kumvetsera munthu, kulemba nkhani yake bwinobwino, kulondola fayilo yomwe yagona, kusaka achibale, kumuphunzitsa momwe angapemphere yekha belo, ndi kudziwa nthawi yoti iyi yandikulira ipite kwa loya.

Wobisa dzina

Zikomo kwambiri akulu, za kusiyana kwa kulembetsa ndi kuvomereza sindinkazidziwa olo pang'ono. Zoyimira mu khothizo sizikundibweza m'mbuyo, ine ndikufuna zomwe anachita mayi aja.

Bambo a Junior

Sisi ndikuuzeni chilungamo ngakhale chiwawe, ntchito zimenezi zambiri ndi za ma NGO ndipo zimayendera pulojekiti, dona akachoka nanunso mwachoka. Mwaona zomwe zinachitika 2025 thandizo la USAID litaimitsidwa, anthu ambirimbiri anakhala pansi. Muli ndi mwana, ngongole ya banki m'khonde siyembekeza. Bwanji osayesa uphunzitsi kapena unamwino?

Paralegal wa ku Katoto

Apa bambo mwanena zoona mbali ina, inenso ndinakhalapo pakhomo miyezi isanu ndi iwiri kontirakiti itatha. Koma si ma NGO okha. Legal Aid Bureau ndi ya boma, inayamba kugwira ntchito 2015 ndipo ili ndi ofesi kuno ku Mzuzu, ku Judiciary nako amalemba, maofesi a maloya amafuna munthu wodziwa kukonza mafayilo ndi kukapereka zikalata ku khothi, ndipo mayiwa amatayipa kale, limenelo ndi luso loti ambiri timavutika nalo. Kulemera nayo ayi, koma nsima imapezeka.

Kalaliki wa khothi wopuma

Mwana wanga ndawerenga nkhani ya mlongo wakoyo mtima wandipweteka, chifukwa zoterezi ndinaziona zaka zonse ndili pa ntchito. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa afike pamaso pa khothi pasanathe maola 48. Ndiye kuyambira 2010 muli malire a masiku osunga munthu mlandu usanayambe, wa ku khothi ya majisitireti ndi masiku 30, milandu ikuluikulu ngati yakupha ndi masiku 90, kupitirira apo mpaka khothi ilole. Mlandu wa foni miyezi inayi zinali zolakwika, kungoti panalibe wofunsa. Chomwe mayi ajawa anakonza chija, choti majisitireti akazengere milandu ku ndende, timachitcha camp court, ndipo anthu amene anazilimbikitsa kwambiri ndi a PASI, bungwe la ma paralegal, anayamba mu 2000 m'ndende zathu zomwezi mpaka mayiko ngati Kenya ndi Uganda anadzatengerako.

Tsono ndikufunse, Chitumbuka umachimva? Usachitenge mopepuka. Mabuku onse ali m'Chingerezi koma gogo wochokera ku Ekwendeni kapena ku Mpherembe akamafotokoza za munda wake sayankhula Chichewa, ukapita ku Nkhata Bay ndi Chitonga, ku Karonga ndi Chingonde. Ndinaona anyamata a mapepala abwino akulephera kulemba sitetimenti chifukwa cha chimenechi. Komanso kuno ukwati ndi wa lobola, ana ndi malo zimayendera kuchimuna, si ngati kwanu kwa chikamwini ngati ndiwe wa pakati, ndiye milandu ya amasiye imabwera mwa mtundu wina. Uziphunzire zimenezi ndi ulemu, mafumu usawadumphe.

Wobisa dzina

Zikomo bambo. Kwathu ndi ku Kasungu koma ndakulira kuno, Chitumbuka ndimamva chonse kuyankhula nkumene ndimasakaniza. Za masiku 30 zo zikanakhala kuti tinkazidziwa mashini a mayi sakanapita.

Mtsikana wa ku Luwinga

Asisi ine zinandionekera, sinditchula dzina la sukulu. Ndinaphunzira kosi ina zaka ziwiri, mayi anga akugulitsa tomato ndi nthochi kuti andilipirire, graduation tinachita ndi zithunzi zomwe, nditakafunsira ntchito anandibwezera pepala kuti kosi iyi sitikuidziwa. Ndinalira njira yonse. Nafenso ankatithamangitsa choncho kuti malo akutha Lachisanu. Afunseni akupatseni manambala a anthu atatu omwe anamaliza pompo ndipo ali pa ntchito, komanso amene akuphunzitsayo ndi ndani, anaphunzira kuti malamulowo, nanga atachimenti amatumiza kuti. Akayamba kuzungulira dziwani kuti mulibe kanthu.

Mayi wa anayi

Pepani ndalowerera, poti muno muli odziwa. Amuna anga anamwalira chaka chatha, azilamu anga atenga makiyi a nyumba ya ku Mchengautuwa akuti ndi ya mtundu wawo, ine ndi ana tikukhala kwa mchemwali wanga. Ndipite kuti?

Paralegal wa ku Katoto

Pepani kwambiri mayi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu amamangidwa nawo. Tengani chikalata cha imfa, cha ukwati ngati chilipo, ndi pepala lililonse la nyumbayo olo ma risiti a city council, mupite ku Legal Aid kapena ku Victim Support Unit ku polisi. Musasayine chilichonse chomwe angakubweretsereni, ndipo musachedwe asanaigulitse.

Adimini

Tachotsa makomenti awiri a anthu oti bwerani ku inbox tikupezereni malo. Wofuna kuthandiza alembe pompano onse aone.

Wobisa dzina

Ndabweranso abale. Lero pa lanchi ndinapitako ku koleji kuja, ndinapempha kalata ya NCHE anandionetsa satifiketi yolembetsera bizinesi basi, za manambala a omwe anamaliza akuti ndi chinsinsi. Pa mndandanda ndasaka ndi foni ya mnzanga dzina lawo sindinalione. Sindinapereke ndalama, ndipo kwa amayi a banki m'khonde ndawauza kuti ngongole ija ayambe aimika. Zandiwawa chifukwa ndinali nditauza kale mayi kuti mwezi wa mawa ndikuyamba sukulu. Lolemba ndapempha hafu dei ndikufuna ndikafike ku Legal Aid ndikafunse mapepala omwe iwo amafuna akamalemba anthu, mayi a ku Mchengautuwa ngati mungakonde tipitire limodzi, tikumane pa depoti 8 koloko. Tsono amene munaphunzira ku Mpemba kapena ku Zomba ndiuzeni, zogona zimakhala bwanji kwa munthu woti ali ndi mwana wa zaka zinayi, kapena ndimusiye kwa agogo ake mpaka holide?