Za malipiro a wosamalira Agogo

Achemwali: Mwadzuka bwanji nonse. Mwezi watha uja wosamalira Agogo sanalandirebe. Omwe apereka ndi ine, Mlamu ndi Amayi aang'ono. Otsalanu mukudzidziwa.

Azakhali: Aliyense apereke gawo lake. Tinagwirizana tonse, palibe amene anamugwira pakhosi.

Mlamu: Ine yanga ndinatumiza Lachiwiri, muone bwino.

Achemwali: Ndakutchulani kale alamu.

Mzime: Ine mwezi uno mundikhululukire. Mukudziwa kuti ndinasiya ntchito, ndiye ndalama ndikutapa motsata ndondomeko.

Azakhali: Unasiya kapena anakusiyitsa?

Mzime: Ndinasiya ndekha azakhali. Ndinasunga zanga, pano ndikudya phindu lake. Munthu sanabadwire kuthamangira bwana mpaka imvi.

Msuweni: Ndondomekoyo timaiona pa status bwanawe. Lolemba m'mawa anzako ali pa ntchito, iwe miyendo pampando, buku pamimba, maso otseka.

Mzime: Sekani. Keynes, katswiri wa zachuma uja, analemba mu 1930 kuti pakatha zaka 100 anthu azidzagwira ntchito maola 15 okha pa sabata. Ine ndangofulumirako.

Msuweni: Iye anati 15. Ako ndi angati?

Azakhali: Keynes wakoyo si wa m'banja muno. Aliyense apereke gawo lake.

Achemwali: Popeza wayamba za mabuku, tiye tiwerenge. Lamulo ukutsatiralo, lotapa 4 peresenti pachaka pa ndalama zomwe unasunga, analiwerengera William Bengen, mlangizi wa zachuma wa ku America, mu 1994. Limatanthauza kuti usunge kaye ndalama zomwe umadya pachaka kuchulukitsa ka 25. Ndipo iye ankawerengera munthu wopuma zaka 30, pa misika ya ku America. Iwe uli ndi zaka 36. Ukadzafika 66 thumba litapepuka, udzagogoda kwa yani?

Achemwali: Zinthu zikakwera mtengo, zotapazo zimakweranso. Sizidikira kuti udzuke.

Mzime: Zonsezo ndinawerengera achemwali.

Achemwali: Pa zomwe umadya pachakazo, Agogo unawaikamo?

Amayi aang'ono: Taonani chidzukulu changa, chayamba kuyenda dzulo!

Mlamu: Eee wakula! Mphumi ndi ya Malume yeniyeni.

Msuweni: Ameneyu akuyenda kale kuposa anthu ena pagulu pano.

Amayi aang'ono: Nsapato zija munamugulira zamuchepera kale.

Mlamu: Malumewo ali kuti? Timizere tabuluu tikuoneka, akuwerenga.

Malume: Ndili pa msonkhano.

Achemwali: Msonkhano womwe uja wa mwezi watha?

Achimwene achoka pa gulu

Azakhali: Mubwezereni ameneyo. Nkhani ya ndalama ikangoyamba foni yake imadwala.

Mzime: Mwaona? Achimwene ali pa ntchito, amalandira mwezi ndi mwezi, koma sanapereke miyezi itatu. Palibe akuwanena. Mukunena ine chifukwa choti sindivala tayi.

Achemwali: Pamenepo sukunama. Iwonso ndiwaimbira. Koma kusapereka kwa iwo sikulipira gawo lako.

Azakhali: Tikayamba kuwerenga amene anathandizidwa pa nthawi ija, ena pano sagona tulo. Ine ndangokhala chete.

Amayi aang'ono: Zakale tisazikumbe chonde, pali ana pagulu pano.

Mlamu: Ndinenepo ngati mlendo. Kupuma si mlandu, tonsefe timakulakalaka. Ine ndikanakhala nazo bwenzi nditasiya chaka chatha. Koma tikulipira munthu chifukwa tonse tilibe nthawi. Pano m'banja mwapezeka mmodzi amene nthawi ali nayo yosefukira. Bwanji gawo lake likhale nthawiyo?

Msuweni: Alamu mwalasa.

Mlamu: Wosamalira uja amapuma Loweruka ndi Lamulungu. Lachinayi achemwali amapempha tchuthi ku ntchito kuti aperekeze Agogo ku chipatala, ndipo masiku awo atchuthi atsala pang'ono kutha. Masiku atatu amenewo atenge iyeyu.

Mzime: Ndinasiya ntchito kuti ndipume, osati kuti ndilowe ina yopanda malipiro.

Achemwali: Ine Lachinayilo amandilipira ndani? Mzere wa ku chipatala ndimaima ndi foni m'manja, abwana akuimba, Agogo akufunsa ngati tafika kale kwa dokotala.

Mzime: Lachinayi ndimakhala ndi pulogalamu.

Msuweni: Ya mpando uja?

Azakhali: Ndalama kapena miyendo, asankhe chimodzi. Aliyense apereke gawo lake.

Mzime: Chabwino, Lachinayi lokha. Za Loweruka tidzakambirana.

Achemwali: Za mwezi wathazi ndiye bwanji? Mayi uja ali ndi ana, wandiimbira kawiri lero.

Amayi aang'ono: Malume ayankhe kaye, gawo lawo ndiye lalikulu.

Mlamu: Malume azimitsa data.

Achemwali: Ndilipira ndekha lero, mundibwezera lisanafike Lachisanu, ndipo mayina ndalemba. Iwe Mzime, buku la ku chipatala lili mu kabati ya kuchipinda, mankhwala a m'mawa amwe musananyamuke. Ukafike 7 koloko.

Mzime: 7 ya m'mawa?