Boti likungogona cham'mbali mwera ukakhala kumbuyo, thandizeni maganizo

Skipa wa ku Nkopola: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ine tulo sindikuona. Boti la matanga lomwe ndimayendetsa, laling'ono la mamita 8, abwana akufuna lifike ku Senga Bay Loweruka likubwerali poti kuli alendo analipira kale. Sabata yatha tinanyamuka ine ndi mnyamata mmodzi, titangodutsa chilumba cha Boadzulu mwera unatipeza. Mphepo inali kumbuyo ndiye ndimati zikhala bho tingotsetsereka mpaka Monkey Bay, koma ayi ndithu. Funde likatinyamula kumbuyo boti limathamanga kenako mutu kukhota wokha kulowera kumphepo, ine kukoka tsigiro ndi manja awiri osamva, basi tagona cham'mbali madzi kukhuthukira pomwe timakhala paja. Katatu konse. Kachitatuko bumu, mtengo wopingasa uja wa m'munsi mwa thanga lalikulu, inaoloka yokha kupita mbali ina, inadutsa pamutu pa mnyamata uja mpaka chipewa chinapita. Ndinaliza injini koma pulopela imangotuluka m'madzi nkumalira m'mwamba. Tinalowa Monkey Bay kutada, mnyamata akunjenjemera moti mfundo ya chingwe imamukanika kumasula. Boti lili konko mpaka pano. Ndalakwitsa pati, kapena tsigiro ndi limene lafa?

Madala a pa doko: Mphwanga pepa, koma thokoza Mulungu kuti bumu inatenga chipewa osati mutu. Tisanakambe za tsigiro ndiyankhe zitatu izi. Matanga unakweza ochuluka bwanji? Katundu unamuika kuti? Kumbuyo umakoka kanthu?

Skipa wa ku Nkopola: Madala, thanga lalikulu linali lonse ndi jibu yonse (kathanga ka kutsogolo kaja), ponyamuka nyanja inali bata ngati m'mbale. Katundu yense anali mukachipinda ka kutsogolo, zigubu 4 za petulo za malita 20, makreti a zakumwa za alendo, nangula ndi tcheni chake. Kumbuyo timakoka kadingi, kaboti kakang'ono kaja, ndi chingwe chachifupi.

Madala a pa doko: Basi tsigiro lako lilibe mlandu. Taona mmene zinakhalira. Petulo yekhayo ndi makilo pafupifupi 60, onjezera makreti ndi tcheni, zonse pamphuno. Funde likanyamula kumbuyo mphuno imamira, tsigiro theka limatuluka m'madzi, ndiye ukuongola ndi chani? Nthawi yomweyo thanga lalikulu lili kumbali likukankha boti kuti lizungulire ngati chitseko. Iweyo ungakhale ndi mphamvu za anthu atatu sungalibweze. Ndipo mphepo ya kumbuyo imanamiza mphwanga, poti ukuthamanga nayo limodzi umaona ngati ndi yochepa, umadzazindikira ukulu wake utagona kale cham'mbali. Mafunde a nyanja yathuyi ndi afupiafupi komanso ochita phompho, makamaka chigawo cha Boadzulu chija poti ndi posaya, sakupatsa mpata wopuma, lina likukusiya lina lafika kale. Mwezi wa June ndi July sitinyamuka ndi thanga lonse ngakhale kutacha bwino bwanji. Rifu, kupinda mbali ya thanga kuti lichepe, timamangira pa doko, manja ali ouma. Kumasula rifu panyanja ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma kumanga mafunde atakula, wina ataima pa mlongoti, ndi pomwe anthu amagwera m'madzi.

Jay wa spidiboti: Man ine ndikuona ngati mukuzivutitsa. Tsitsani matanga onse mungoyenda pa injini basi, petulo muli naye kale wambiri

Makaniko Chembe: Ayi aise zimenezo ndi za maboti anu opepuka aja. Wanena kale kuti pulopela imatuluka m'madzi. Injini ikamalira m'mwamba choncho siyikukoka madzi oziziritsa, impela yopopa madziwo imapsa, mawa lake mubwera nayo kwa ine itauma. Komanso boti la matanga ukalivula matanga onse pamafunde limagudubuzika koopsa, petulo mu thanki amavunduka, zinyalala za pansi zonse kukatseka kabureta, injini kuzima pomwe ukuifunitsitsa. Skipa tandiuzeni, injiniyo ndi ya mwendo wautali kapena waufupi?

Skipa wa ku Nkopola: Waufupi achimwene. Ya mwendo wautali inaonongeka chaka chatha abwana anangotenga ya padingi nkuikapo

Makaniko Chembe: Ndinadziwa. Imeneyo muziitenga ngati yotulukira ndi kulowera pa doko basi, osaidalira pakati. Tsitsani bulaketi yake mpaka bowo lomaliza, sefani petulo ndi nsalu yoyera pothira, mutenge pulagi ina yapadera ndi sipanala yake muike mu jumbo. Katundu akachoka kutsogolo kumbuyo kukhala pansi pang'ono, pulopela iluma bwinoko. Mukafika kuno ndiyiona kaye musanaoloke.

Jay wa spidiboti: Ok ndamva, za impela sindinaganize

Madala a pa doko: Tsopano chochita. Makreti onse atsike, apite pa galimoto kudzera ku Golomoti, akafika ku Salima iwe usanadzuke nkomwe. Kadingi nakonso kasiye, kapena ngati abwana akakamira kakwere pa galimoto yomweyo. Chingwe chachifupi chija chimakukoka matako nthawi yolakwika, ndipo tsiku lina funde lidzakaponyera mkati mwa boti. Petulo tenga zigubu ziwiri, uzimange pansi pakatikati pafupi ndi mlongoti. Thanga lalikulu rifu yachiwiri, jibu upinde itsale pang'ono. Bumu uimange, chingwe chichoke kunsonga kwa bumu chipite kutsogolo pa chitsulo chomangira nangula chibwerere pomwe wakhala iwe, kuti uthe kumasula msanga zikavuta. Osamanga mfundo yakufa pamenepo. Ndipo usalunjike mphepo ili pamsana penipeni, funde lizikupeza pakona ya kumbuyo. Ukamva matako a boti akunyamuka yamba kale kuongola kuthawa mphepo pang'ono, usadikire kuti mutu uyambe kukhota. Ndiye kuti maso ako theka la nthawi azikhala kumbuyo.

Kaputeni wa katamarani: Madala ndikugwirizana nanu zonse koma pa thanga lalikulu ndisiyana nanu pang'ono. Mphepo yonse ili kumbuyo ulendo umenewu, bwanji angolitsitsa lonse ayende ndi jibu yokha? Jibu imakoka boti pamphuno ngati ng'ombe pangolo, nkhani ya bumu yatheratu, ndipo mnyamata mmodzi amatha kuipinda ali pomwe wakhala. Ife timatero pa mpikisano wa matanga wa mu July uja mphepo ikakula

Madala a pa doko: Ukunena zoona mwana wanga, pakati panyanja jibu yokha ndi mtendere. Chomwe ndikuopa ine ndi chakuti munthu akagwera m'madzi kapena malo oima akakanika, ayenera kubwerera chokwera mphepo, ndipo ndi jibu yokha pamafunde amenewo kaboti kameneka sikakwera, injini mwamva kale mmene ilili. Ndiye tipange chonchi, anyamuke ndi rifu yachiwiri, akaona kuti tsigiro layambanso kulemera atsitse lalikulu koma alimange moti likhoza kukwera msanga, chingwe chake chisachoke pamutu pa thanga.

Kaputeni wa katamarani: Apo ndavomera. Ndionjezere kuti atenge chingwe chachitali chija cha nangula, zikafika poipa achiponye kumbuyo nsonga zonse ziwiri atamanga pa boti, chimagwira matako kuti asathawe

Anti a makayaki: Abambo inu nonse mukukamba za boti, za mwana uja amene amalephera kumasula mfundo palibe wanenapo. Skipa, anavala chani?

Skipa wa ku Nkopola: Jinzi ndi juzi ya thonje anti. Ine chimodzimodzi. Tinadya mmawa basi

Anti a makayaki: Mwaona. Madzi a nyanja yathu si ozizira kwenikweni ngakhale mu July, ukaviika dzanja umamva ofunda kuposa mpweya, chimene chimapha ndi mphepo pa chovala chonyowa. Jinzi ikanyowa siuma, imangokuyamwa kutentha tsiku lonse. Pitani pa kaunjika mugule ma fleece awiri ndi zipewa za ulusi, pamwamba jekete ya mvula ndi buluku lake, ngakhale zotchipa za anjinga zija bola mphepo isalowe. Zovala zina zouma mumange mu jumbo ziwiri muike mkati. Fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri, mbatata yophika, mtedza, nthochi, zoti munthu adye ndi dzanja limodzi, chifukwa kuphika simuphika. Mowa ayi, olo kachasu ka pang'ono koti ati kutenthetsa thupi, kamangokunamiza. Ndipo muzimuyankhulitsa mnzanuyo. Munthu akayamba kuyankha mochedwa, mawu kukokeka ngati waledzera, kapena wasiya kunjenjemera koma akadali wonyowa, zafika poipa, muvuleni zonyowazo mumufunditse mkati. Laifi jaketi muvale musanamasule chingwe pa doko, osati kukhalira ngati pilo. Ine anthu awiri ndikuona kuchepa, pezani wachitatu kuti muzisinthana pa tsigiro, dzanja lozizira limachedwa.

Che Siginala wa ku Msaka: Salaam akulu. Ine za matanga sindidziwa koma njirayo ndaiyenda ndi chilimira zaka zambiri. Musapange ulendo umodzi. Tsiku loyamba Monkey Bay mpaka Chembe ku Cape Maclear basi, mugone. Pa Chembe mwera sukupeza poti phiri lakutchinga. Polowa pa mpata wa pakati pa chilumba cha Domwe ndi kumtunda paja chenjerani, mphepo imatsika m'phiri mwadzidzidzi kenako zii kenako yabweranso, ngati mtima sukukhazikika zungulirani Domwe kunja ngakhale ndi kotalikirapo. Vuto lenileni ndi tsiku lachiwiri. Mukangochoka pamthunzi wa Cape Maclear kudutsa chilumba cha Mumbo mafunde amakula, ndipo Senga Bay yayang'ana kum'mawa, mafunde onse a mwera amakaswekera pagombe pomwepo. Kufika mufika, koma muima pati? Nangula akakoka pamchenga paja boti lili pamtunda. Ngati mwera sunagwe, bisalani kuseri kwa zilumba za Maleri mudikire.

Madala a pa doko: Che Siginala anena mawu a ulendo wonse. Mphwanga ndikuuze, Vipya inali sitima yachitsulo, yatsopano, inamira mu July 1946 kumpoto uko kufupi ndi Chitimba nyanja itakalipa, anthu 145 anapita. Mwezi wake womwe uno. Iwe uli ndi mamita 8. Mwera umaomba masiku angapo kenako umagwa, ndiye tsiku lonyamuka asankhe ndi mwera osati kalendala ya abwana. A zanyengo amatulutsa chenjezo la mwera pa wailesi ndi pa Facebook, ulione madzulo ndi mmawa, komanso ona ngati asodzi a pa Chembe akukankha maboti awo. Iwo akakhala pamtunda kusoka maukonde, iwenso khala.

Skipa wa ku Nkopola: Zonse ndalemba. Koma abwana ndiwauza bwanji, amangoti mnzako wakale ankapita bwanji. Ntchito ndi yomweyi akulu, ana ali pasukulu

Anti a makayaki: Osawauza kuti sindipita, auzeni mmene mupitire. Lembani pa WhatsApp kuti zikhale zolembedwa, katundu pa galimoto Lachinayi, boti pa Chembe Lachinayi lomwelo, kuoloka Lachisanu kapena Loweruka malinga ndi mphepo, ndipo alendo akonzeredwe china chochita Loweruka ngati boti lachedwa. Muwauzenso za bumu ija mmene inadutsira, ndi mtengo wa mlongoti ukathyoka. Akafuna andiimbire ine, ndakhala ndikubweza alendo pagombe chifukwa cha mwera kangapo konse ndipo amabweranso.

Makaniko Chembe: Wachitatu ndili naye, mphwanga wa akazi anga, anakulira pa boti ndipo sachita chizungulire. Mungomupatsa ya sopo ndi thiransipoti yobwerera

Skipa wa ku Nkopola: Akuluakulu ndabweranso, lero Lachinayi. Abwana anavuta pang'ono koma atawerenga uthenga uja avomera, makreti ndi kadingi zapita pa galimoto mmawa. Tanyamuka Monkey Bay ndi rifu yachiwiri, bumu yomanga, tili atatu. Mwera unalipo ndithu koma boti ndi lina, tsigiro ndimagwira ndi dzanja limodzi, silinagone olo kamodzi. Domwe tazungulira kunja monga ananenera Che Siginala. Pano tili pa Chembe, injini ili m'manja mwa amakaniko, akuti impela yatha mano awiri akusintha. Chomwe chandivuta ndi chingwe chopindira jibu, chinapiringizana mu dilamu yomwe chimakulungidwamo mpaka mnyamata anakwawira kutsogolo atamangidwa chingwe m'chiuno. Madala chimenechi ndichitenji tisanaoloke?

Madala a pa doko: Chimapiringizana chifukwa umachisiya lende potambasula jibu. Masula chonse madzulo ano, uchikulunge mwatsopano wina akukoka pang'ono, ndipo mawa potulutsa jibu uzichigwira chizipita cholimba. Foni mu jumbo, undiimbire ukamadutsa Mumbo netiweki isanathawe. Che Siginala, kumwera kukuoneka bwanji madzulo ano?

Che Siginala wa ku Msaka: Mitambo ikuthamangabe pamwamba pa phiri, anyamata anga sakulowa usiku uno. Ndikuuzani 4 koloko mmawa ndikadzuka kukaswali.