Zimene dokotala wa ziweto anapeza pa chinkhwe changa

Masabata atatu apitawo, chinkhwe changa chitadwala, ndinafunsa anthu chimene chingachititse chinkhwe kuimika nthenga, kuleka kudya, kutuluka mamina ndiponso kuchita zitosi zobiriwira zamadzimadzi. Anandilangiza kuti ndisachipatse mankhwala ongoganizira, ndipo ndikuwathokoza chifukwa dokotala wa ziweto atapima zitosi ndi magazi anapeza matenda a psittacosis, amene amayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Chlamydia psittaci.

Chinkhwecho chikulandira mankhwala olimbana ndi mabakiteriya otchedwa doxycycline, ndipo chiyenera kumwa mankhwalawa kwa masiku 45 osadumphitsa ngakhale chitayamba kuoneka bwino, popeza bakiteriyayu amabisala m'kati mwa maselo a thupi. Dokotala anandiuzanso kuti ndichotse kaye zakudya zokhala ndi kashiamu (mchere wolimbitsa mafupa) wambiri, chifukwa kashiamu amalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'magazi. Pano chayambanso kudya.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti matendawa amagwiranso anthu. Munthu amawatenga popuma fumbi la zitosi zouma, ndipo pakapita masiku 5 mpaka 14 amayamba kutentha thupi, kupweteka mutu ndi kutsokomola. Tsopano ndimavala chophimba pakamwa ndi mphuno, ndipo ndimayamba ndanyowetsa pansi pa khola ndisanakolope, kuti fumbi lisauluke. Aliyense woweta mbalame akadwala chonchi, auze dokotala kuti kunyumba kuli mbalame.

Cholakwa chinali changa: ndinagula chinkhwe chachiwiri n'kuchiika m'khola limodzi tsiku lomwelo, osachipatula kwa masiku osachepera 30. Chinkaoneka chathanzi, koma nachonso chapezeka ndi bakiteriyayu ndipo chikulandira mankhwala.