Dothi lothiridwa oilo wa galimoto, nyemba zingaliyeretse?

Abale anga a kuno ku Joni, ndigawireni nzeru. Ndikuchita lendi ku Rosettenville, ndipo kuseri kwa nyumba kuli kamalo koti ndingalimepo ndiwo. Koma amene ankakhala pano kale ankakonzerapo magalimoto. Dothi lake ndi lakuda bii, ukalifumbata limanona m'manja, dzuwa likatentha pamamveka fungo la dizilo. Ndinamva kuti tizilombo tokhala m'mizu ya nyemba timadya zoipa za m'mafuta. Ndi zoona? Ndikadzala khobwe ndi mvula ya Okutobala, ana angadye chitambe chake?

Yankho:
Mayi, zoona zilimo ndithu. Mukazula khobwe mumaona timibulu pa mizu, mukatiswa timakhala tofiirira mkati. M'menemo ndi mokhala mabakiteriya a gulu lotchedwa rhizobia. Ntchito yawo yeniyeni ndi kukoka nayitirojeni mu mpweya, umene 78 pa 100 ndi nayitirojeni yekhayekha, n'kumusandutsa chakudya cha mbewu.

Za mafutazo zili chonchi. Mu petulo ndi dizilo muli mankhwala monga benzene ndi toluene, omwe ma carbon ake 6 amagwirana mozungulira ngati mphete, n'chifukwa chake savunda msanga. Mabakiteriya ena a m'dothi ali ndi ma enzyme (mankhwala opangidwa ndi mabakiteriyawo) olowetsa okosijeni mu mpheteyo mpaka kuidula. Ikaduka amaidya, potsiriza n'kutsala madzi ndi carbon dioxide. Ena a gulu la rhizobia lija amadya mankhwala ofanana ndi amenewa ochokera m'mitengo yovunda. Palinso mabakiteriya otchedwa Azoarcus, amene amaphwanya toluene ngakhale popanda okosijeni. Koma ntchitoyi si ya dzinja limodzi ayi. Muzitembenuza dothi kuti mpweya ulowe, thiranimo manyowa, ndipo lisamaume gwa.

Yankho lina:
Chemwali, ine ndikuti ana musawapatse ndiwo za pamenepo. Oilo wotha ntchito amakhala ndi zitsulo monga mtovu, ndipo palibe kachilombo kamene kangadye chitsulo n'kuchithetsa. Benzene nayenso amayambitsa khansa ya m'magazi. Khobweyo dzalani kuti athandize dothi, koma zokadya limani m'matumba ndi dothi lochokera kwina. Ana asamaseweretsenso dothilo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, matumba ndiyamba kusonkhanitsa mawa. Nanga khobwe wa pamalo oipawo akakhwima, mapesi ake ndiwakwirire pomwepo kapena ndikataye? Ndipo alipo akudziwa kumene amayeza dothi kuno ku Gauteng pa mtengo woti munthu wamaganyu angakwanitse?